Amayi Anga ndi Ana Awo a ku Hositelo

Amayi anga dzina lawo ndi Alefa, ndipo mukafunsa aliyense kuno kwa Mwambo akuuzani kuti ndi munthu wabwino. Ine sinditsutsa. Ndimangoti ubwino wawowo anaudyerera ndi ana a eni ake, ine ndinangonyambita mbale.

Anabadwira konkuno, pafupi ndi sikimu ya mpunga ya Likangala, m'banja limene makolo ake anachokera ku Mozambiki kalekale. Sukulu analekezera Sitandade 4. Anakwatiwa ndi bambo anga a Makisoni, msodzi wa matemba, ndipo mwa ana atatu amene anabereka, wotsala ndine ndekha, Cecilia. Bambo anamwalira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Amayi analimbana ndi puloti ya mpunga okha zaka ziwiri mpaka msana unakana. Ndipamene mayi wina wa kutchalitchi anawapezera ntchito yokolopa mu hositelo ya atsikana pa koleji ina ku Zomba. Ine anandisiya kwa amayi aang'ono.

Kuyambira pamenepo amayi anga anasanduka mayi wa ana ambirimbiri. Akabwera kumapeto kwa mwezi, asanafunse n'komwe ngati chilonda cha pa mwendo panga chapola, nkhani inali yomweyo. "Mwana wanga wa m'chipinda chachitatu sadya nyemba." "Mwana wanga wina wakhoza mayeso, wandikumbatira mopu ili m'manja." Ankandibweretsera nsapato zimene atsikanawo atopa nazo, ndipo ndinkavala, nanga n'kutani. Koma nsapato iliyonse inkandiuza kuti pali phazi lina limene amayi amaliona tsiku ndi tsiku, osati langa. Ndinkachita nsanje, ndipo sindikubisa.

Chinthu chimodzi chokha ndinkadziwa kuti ana a kukolejiwo sangandilande. Kuno mwana akabadwa, iye ndi mayi ake amakhala m'chikuta, kubindikira m'nyumba mpaka mchombo utagwa, ndipo si aliyense amaloledwa kugwira khandalo. Amayi, popeza sanakwatiwenso, anthu ankati thupi lawo n'lozizira, silingadwalitse mwana. Ndiye akakhala kuti ali kumudzi, chikuta chilichonse ankaitanidwa. Ankadziwa kuthowa mayi ndi madzi otentha osamuwaula, ankadziwa kusambitsa kamwana koterera ngati mlamba osakagwetsa. Theka la ana a m'mudzi muno anayamba kusamba m'manja mwawo.

Nditakwatiwa ndi a Jafeti, amene kwawo ndi ku chilumba cha Chisi koma anadzamanga kwathu kuno, ndinaima m'chaka chimene kunabwera matenda a kolona. Amayi anagwira mimba yanga n'kunena kuti, "Pa iwe pokha ndipempha tchuthi. Gadiyani wako kuchipatala ndine, chikuta chako n'changa, ndipo akakhala wamkazi dzina nditchula ndine ndikamuona nkhope." A kuchimuna anavomera. Tchuthicho a metironi a pa hositelo anasainira mu Disembala.

Januwale atafika, anthu ali kalikiliki kuwokera mpunga, matenda aja anabwerera ndi ukali. Pa wailesi panali maliro okhaokha. Kutatsala masiku ochepa kuti ndipite kuchidikiro, foni inalira.

"Cecilia, mwanawe, undimvetse. Kuno atsikana asanu ndi atatu awapeza nako kachilomboka. Awatsekera ku zipinda zakumapeto, saloledwa kupita kwawo."

"Ndiye inu zikukukhudzani bwanji, amama? Ndinu adokotala?"

"Anzanga okolopa akana kupitako. Ine ndalowamo kale masiku atatu. Ndikabwera kwa iwe ndikubweretsera chiyani?"

"Simunadziwe kuti muli ndi tchuthi polowamo?"

Ankadziwa ndithu. Anaona ana a eni alibe wowapatsa madzi, mtima unawagwira, za ine anakumbukira atalowa kale.

Amene anabwera anali apongozi anga. Anawoloka nyanja pa boti kuchokera ku Chisi, mvula ili pamutu, pamene amayi anga ondibereka anali pamtunda pomwepa, msewu ulipo. Apongozi si munthu woipa, koma manja awo anazolowera kupala nsomba, ndipo pakamwa pawo sipapuma. Kuchipatala mzamba atafunsa ngati iwo ndi mayi anga, anayankha mokweza kuti wodi yonse imve, "Iyayi, amake ali ku koleji, akusamala ana ophunzira." Ndinabereka mwana wamkazi Lachiwiri m'mawa, ndipo misozi imene ndinalira sinali ya ululu wokha.

Tsono tinabindikira tonse awiri, ine m'chikuta kuno, amayi ku hositelo uko. Ankaimba foni masana alionse, ndipo m'malo moti ndiwauze za mdzukulu wawo, ndinkamva za ntchito yawo. Chakudya ankachiika pa mpando pakhomo la chipinda, kugogoda, n'kubwerera m'mbuyo mapazi asanu. Mbale za odwala zinali ndi ndowa yakeyake ya kolorini, chimbudzi chawo chinali chapadera, ndipo zogwirira zitseko ankazipukuta katatu pa tsiku. Mawindo ankawatsegula ngakhale atsikanawo adandaule kuzizira. Ankavala masiki awiri, ndipo anasamukira m'kachipinda kosungira mamopu kuti asasakanikirane ndi anzawo. Zonsezi ankazinena monyadira, ngati munthu amene wapatsidwa udindo kutchalitchi.

Panali mtsikana mmodzi amene anadwala kuposa onse, wa kutali ku Chitipa, makolo ake sakanatha kufika. Ameneyo za pa mpando zija sizinathandize, chifukwa ngakhale kapu ankalephera kunyamula. Namwino wa pa koleji ankabwera kawiri pa tsiku, nthawi yotsalayo anali amayi. Ankavala magolovesi ndi epuloni ya pulasitiki, kulowa, kumutsamiritsa, kumumwetsa phala ndi supuni, kumupukuta msana ndi madzi ofunda. Madzi ofunda! Ine kuno apongozi akundithowa ngati akusosola nkhuku.

Tsiku lachinayi la chikuta ndinayamba kuwafotokozera kuti mwana akukana bere lakumanzere. Ndili pakati pa mawu, ndinamva chifuwa chakuya kumbali kwawoko.

"Tadikira kaye, mwana wanga akubanika," anatero amayi, foni n'kuduka.

Ndinaiyang'ana foniyo nthawi yaitali. Mawa lake itaitana sindinayankhe, ngakhalenso mkuja wake.

Mchombo unagwa tsiku lachisanu ndi chiwiri. Apongozi anameta mwana, tinasesa m'nyumba, ndipo anthu ochepa anabwera kudzaona. Dzuwa lili pamutu, a Jafeti analowa n'kunena kuti, "Amayi afika, koma akukana kuwoloka ngalande."

Kuseri kwa nyumba yathu kumadutsa ngalande yopita ku mapuloti. Tsidya lake kunaima amayi, matope mpaka m'mawondo, masiki kumaso, atagwira njinga yachimuna. Mtsikana uja anali atayamba kupeza bwino, ndiye a metironi anawapatsa tsiku limodzi. Anabwereka njinga ya mlonda n'kupalasa okha ulendo wonsewo, ndi msana wawo uja, chifukwa sanafune kupumira pa khosi la wakabaza. Izi ndikuziona tsopano. Tsiku limenelo ndinangoona munthu amene wabwera chikuta chitatha.

"Cecilia! Tamukwezako m'mwamba ndimuone!"

"Wolokani mudzamunyamule."

"Sindingathe, mwanawe. Masiku anga sanakwane. Ungomuvundukula nkhope basi, ndiona ndili konkuno."

Manja amene mudzi wonse unkati ndi ozizira, mwini wake anali kuwabisa kumbuyo ngati ali ndi moto. Ine mtima unandiwira. Ndinakokera chitenje pankhope ya mwana, n'kutembenuka.

"Pitani mukaone wanu uja wobanika."

Apongozi, amene sasowa chonena, anangoyang'ana pansi. Kenako a Jafeti, pofuna kuphimba manyazi, anafuula kuti, "Amayi, nanga dzina? Paja tinagwirizana kuti mutchula ndinu."

Ndinali nditawapatsa msana, choncho sindinaone nkhope ya amayi. Ndinangomva mawu otsamwa ndi masiki aja: "Veronica."

Anakoleka kamtolo ka zitenje ziwiri pa mtengo, n'kuuza a Jafeti kuti azisiye padzuwa masiku atatu asanazichape. Atatero anatembenuza njinga. Dzinalo ndinalikonda, ndisaname. M'banja mwathu munalibe Veronica, ndipo ndinaganiza kuti analisunga mumtima miyezi yonse ija chifukwa cha ine. Tinalembetsa m'buku la kusikelo, tinabatiza nalo.

Amayi sanadwale. Masiku awo atakwana anabwera, ananyamula mdzukulu wawo, ndipo za pa ngalande sitinazitchule. Mu Meyi, tikumenya mpunga, anafika ndi mlendo, mtsikana woonda wovala magalasi, atanyamula shuga ndi sopo. Anagwada bwinobwino pamaso panga.

"Achemwali, ndabwera kudzathokoza. Amayi athuwa akanapanda kukhalapo, bwenzi nditapita. Ine ndine Veronica."

Amayi athu. Ndipo Veronica. Ndinamva ngati wina wandithira madzi a m'ngalande kumsana. Ndinamupatsa moni, ndinamuyalira mphasa, chifukwa ndinaleredwa, kenako ndinawakokera amayi kuseri kwa mulu wa mapesi.

"Amama, zoona? Chikuta changa munampatsa iyeyu, manja anu munampatsa iyeyu. Ndiye mwana wanganso mwampatsa? Ndizivala nsapato zawo, mwana wanganso azivala dzina lawo?"

Amayi anakhala pa thumba la mpunga. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zimandipsetsa mtima kuposa kukalipa.

"Ndinakuuza kuti ndidzatchula ndikamuona nkhope. Ulendo wonse uja ndinkangoti, akafanana ndi bambo ako ndimutcha dzina la amayi awo, akafanana ndi iwe ndimutcha Chikondi. Dzina linali chinthu chokhacho chimene ndikanakuwolotsera pa ngalande paja popanda kukupatsira matenda. Ndinafika, iwe unamuphimba. Amuna ako akufunsa, anthu akudikira, ine m'maso mwanga muli nkhope imodzi yokha, ya mwana amene ndinamuona mpweya ukumuthera koma n'kubwerera. Ndinati bola mdzukulu wanga atenge dzina la munthu amene matendawa anamulephera."

"Mukanadikira."

"Iwenso ukanadikira, Cecilia. Masiku asanu ndi awiri okha."

Kutsogolo kwa nyumba mlendo uja anali atanyamula mwana wanga, akumuseketsa, ndipo kamwanako, kopanda nzeru, kankaseka.

Pano amayi anapuma ntchito, ali konkuno, akuitanidwabe ku zikuta. Veronica wamkulu ndi mphunzitsi kwawo ku Chitipa, ndipo Lamulungu lililonse amaimba foni. Amayi amakalandirira pansi pa mtengo wa mango, n'kumaseka kuseka kumene ine sindiwasekesa. Nsanje sinathe, ndinganame. Chikuta changa chachiwiri anabwera, anandithowa ndi manja awo aja, ndipo anali ofewa monga anthu ankanenera, zimene zinangondikumbutsa chimene ndinaphonya poyamba.

Wamng'onoyu tsopano amathamanga yekha mpaka ku mapuloti. Ali ndi mphumi ya bambo anga a Makisoni, aliyense amatero, ndipo akanaonedwa tsiku lija bwenzi ali Falida, dzina la agogo anga. Akasowa ndimaima pa ngalande pomwe paja n'kufuula dzina lake, kakhumi pa tsiku. Nthawi iliyonse ndimafuna kukwiyira amayi, koma dzanja limene linakoka chitenje chija ndi langa.