Khadi la Wongani ndi kamtengo ka machesi

Ndikakumbukira nyengo yozizira ya chaka chimene ndinali mu Sitandade 6, chimene chimayamba kubwera m'maso mwanga ndi kamtengo ka machesi katagona pa khadi, mitu ya anyamata itaunjikana pamwamba pake, aliyense akupumira mnzake m'khosi. Tinkakhala pa kakhoma ka njerwa kuseri kwa chigayo ku Chikanda, fumbi la ufa likutigwera m'tsitsi, chifunga chikutsika m'phiri la Zomba, milomo yathu itang'ambika ndi mphepo ya mu Juni. Kamtengoko kanali kanga, ndipo pakakhoma paja mawu omaliza analinso anga.

Makadi ake anali a osewera basiketibolo a kunja. Amayi ankagulitsa kaunjika mumsika, ndipo belo likatsegulidwa ntchito yanga inali kupisa m'matumba a majekete ndi mathalauza asanawapachike. Fungo la belo latsopano silichoka m'mphuno, fungo la mankhwala ndi la nyumba za anthu amene sudzawaona. M'matumbamo ndinkapezamo mabatani, timapepala ta maswiti, ndipo tsiku lamwayi khadi la munthu wamtali atagwira mpira wofiirira. Anzanga ankapeza awo kwa ophunzira a pakoleji amene ankachita lendi m'dera mwathu, akawatungira madzi kapena kuwatsukira mbale. Osewerawo sitinkawadziwa. Mayina awo ankatipinda lilime, manambala a kuseri kwa khadi sitinkadziwa kuti akunena chiyani, ndiye tinkangowapatsa mayina athuathu, wina Chidazi, wina Makutu, wina Abusa chifukwa chokweza manja kumwamba. Masewerowo tinkawaonera pa mpanda wa bwalo la kukoleji, kenako n'kukayeserera pa limu ya njinga imene tinakhomera pa mtengo wa mango, ndi mpira wa mapepala a pulasitiki umene sunkanjanja ngakhale uumenyetse pansi ndi mphamvu zako zonse.

Popeza tinkasinthana makadiwo, panafunika njira yodziwira loposa linzake, ndipo njirayo ndinaipeza ndine. Munthu wa basiketibolo ntchito yake ndi kudumpha, choncho khadi tinkaliyeza ndi kamtengo ka machesi, kuchokera pa nsapato ya wosewera kufika pansi pa bwalo. Amene wadumpha kwambiri ndiye wamtengo. Amene mapazi ake ali pansi anali wamba. Amene anamujambula kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba tinkati alibe miyendo, ndipo ntchito yake inali kumangirira ku masipoko a njinga kuti izilira ngati njinga yamoto. Lamulo lachiwiri ndinabwera nalo kuchokera pa benchi ya amayi. Jekete likakhala ndi dzina lolembedwa ndi cholembera pakolala, amayi ankalitsitsa mtengo, amvekere, “Chalembedwa dzina chili ndi mwini wake, ife tikungochisunga.” Khadi lolembedwa ndi inki nalonso tinkaliyesa chimodzimodzi.

Mfumu ya makadi onse inali yanga. Ndinaipeza m'thumba la jekete lofiira, ndipo tinaitcha Mphamba. Munthuyo anali m'malere, miyendo atapinda, lilime lili panja, kamtengo konse kankalowa pansi pa nsapato zake n'kutsalako malo. Chifukwa cha Mphamba, ine mwana wowonda wa mayi wa kaunjika ndinali munthu. Mnzanga wapamtima Yusufu ankandisenzera mtolo wa nkhuni potsika m'phiri kuti ndimulole kumugwira Mphamba mpaka kufika pamsewu. Anyamata ambiri ankaganiza kuti khadilo ananditumizira ndi bambo anga kuchokera ku Joni, ndipo ine sindinkawatsutsa. Bambo anapita ndili wamng'ono, ndipo chipitireni anali asanatumizepo ngakhale sokosi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Pakati pa teremu m'kalasi mwathu munalowa mnyamata wina dzina lake Wongani. Bambo ake anali mphunzitsi wa pakoleji, atangobwera kumene kuchokera ku maphunziro kunja, ndipo ankakhala m'nyumba ya mpanda wa maluwa kumtunda kwa tauni. Anali wofatsa, wa nsapato zopolisha, Chichewa chake chikumveka kuti kwawo ndi kumpoto. Masiku oyamba ankangoima patali kutiyang'ana. Tsiku lina masana anafika kuchigayo atakumbatira kabokosi, n'kukaika pakakhoma. M'kabokosimo munali makadi otuluka chaka chomwecho, ena akadali m'timapaketi tonyezimira tosatsegula. Anang'amba kamodzi ife tikuona. Munatuluka fungo la chinthu chimene sichinagwiridwepo ndi munthu, fungo limene ine wa kaunjika ndinali ndisanalimvepo. Makadiwo anali olimba, ngodya zake zakuthwa, ndipo ukawapendeketsa padzuwa ankasintha mitundu ngati khosi la nkhunda. Mitu yonse imene inkaweramira pa Mphamba inatembenuka. Ndisakubisireni, nsanje inandigwira pakhosi.

Sabata yonseyo ndinali ngati ndadya tsabola. Titakwera phiri kukatola nkhuni, m'nkhalango ya paini mukununkhira utomoni, masamba ake akuterera kumapazi, Yusufu sanatseke pakamwa. Wongani ali ndi lagolide, Wongani akuti kunja kuli sitolo yogulitsa makadi okhaokha, Wongani wandilola kutsegula paketi. Tinathyola zipatso za mulunguzi m'mbali mwa njira, zala zathu n'kuda bii, koma ine sindinamve kukoma kwake. Potsika, mtolo wanga ndinasenza ndekha mpaka kunyumba, ndipo Yusufu sanafunse n'komwe za Mphamba. Amayi ataona nkhope yanga anaseka n'kunena kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ine ndinayankha chamumtima kuti kalumo kameneko kakamete kwawo. Ndinkadana ndi nsapato zake, ndinkadana ndi kufatsa kwake, ndinkadana ngakhale ndi mmene ankagawira anzanga makadi mosawerengera, ngati munthu amene akudziwa kuti kwawo alipo ena.

Tsiku lachiweruzo linafika Wongani atabweretsa khadi limene sankaliika m'kabokosi. Linali m'kachikwama ka pulasitiki yolimba, ndipo analigwira m'mbali ndi nsonga za zala. Anati bambo ake anaima pamzere m'chisanu cha kunja kuchokera m'mawa kuti wosewerayo alembepo dzina ndi dzanja lake, ndipo khadi limeneli lokha linkaposa makadi athu onse kuphatikiza Mphamba. Anyamata onse anandiyang'ana. Ndinatulutsa kamtengo kanga kuseri kwa khutu n'kuwerama. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Munthuyo anamujambula kuyambira pachifuwa, akungomwetulira, mpira uli m'khwapa, ndipo pamalaya pake panadutsa mzere wa inki yabuluu wokhotakhota ngati wa mwana wa Sitandade 1.

“Miyendo yake ili kuti?” ndinafunsa. “Ndiyeza chiyani apa? Komanso taonani, amangwetu, alilemba kale ili. Ndi la kaunjika ngati athuwa. Bambo akowo anawapusitsa.”

Chiseko chinaphulika mpaka wapachigayo anasuzumira pawindo. Wina anakuwa kuti likamangidwe kumasipoko. Wongani anayesa kufotokoza kuti inkiyo ndiye mtengo wake, koma ndani akanamumvera? Tonse tinakulira mu zovala za mayina a anthu ena pakolala, tinkadziwa bwino lomwe kuti chinthu chatsopano sichibwera ndi dzina. Mpaka lero ndimati malinga ndi malamulo a pakakhoma paja ndinaweruza molondola. Kungoti chiweruzocho chinandikomera kuposa mmene chiweruzo chiyenera kukomera woweruza.

Mawa lake Wongani anabweranso, akununkha palafini. Khadi lija analitulutsa m'pulasitiki n'kulipukuta ndi kansanza. Inki inachokadi, koma inapita ndi kunyezimira konse, nkhope ya wosewerayo inasungunuka mbali imodzi, ndipo pepala linafufuma ngati buledi wogwera m'tiyi. Analitambasula kwa ine ndi manja awiri. “Ndafufuta,” anatero. “Tsopano lingalowe nawo?” Ndinamuuza kuti miyendo sinamerebe. Yusufu anandiyang'ana n'kunena motsitsa, “Aaa, iwenso iwe,” koma palibe anatsutsa lamulo.

Madzulo a tsiku lotsatira, dzuwa likupendekera kuseri kwa phiri, tinaona bambo wamtali wa magalasi akutsika kanjira ka kuchigayo, khadi lofufuma lili m'manja, Wongani akutsatira pambuyo pa bambo akewo atakumbatira kabokosi kake, maso ali ofiira. Theka la anyamata linabalalikira m'mipata ya nyumba. Ine ndinatsala chifukwa Mphamba anali pakakhoma, ndipo sindikanathawa n'kumusiya. Bambowo anafunsa kuti woweruza ndi ndani. Zala zonse zimene zinatsala zinaloza ine. Ndinafotokoza za kudumpha, za miyendo, za dzina la pakolala, mawu akutuluka mong'ung'udza, ndikudikira khofi. Iwo anayang'ana khadi lawo lija nthawi yaitali. Ndinaona ndi maso angawa kuti zinawapweteka, ndipo anapuma mpweya wautali ngati munthu amene watula katundu pamalo olakwika. Kenako anakhala pakakhoma, pafumbi la ufa, ndi thalauza lawo lakuntchito, n'kutambasula dzanja.

“Tibwerekeni kamtengoko, a jaji.”

Anamukokera Wongani pambali pawo n'kutsegula kabokosi kaja. Anayeza khadi lililonse, limodzi ndi limodzi, mwana akugwira khadi, bambo akugoneka kamtengo, dzanja lina lili pakhosi pa mwanayo kumbuyo, chala chachikulu chikumusisita pang'onopang'ono. Akapeza lodumpha bwino ankakuwa limodzi, akapeza lopanda miyendo ankati, “Ili la kunjinga,” Wongani n'kuseka misozi isanaume. Anyamata othawa aja anabwerera mmodzimmodzi. Ine ndinaima chapambali, osayang'ana makadiwo. Ndinkayang'ana dzanja lija.

Panalibe khadi lomuposa Mphamba. Limodzi linayandikira, koma linaperewera ndi mutu wa machesi. Bambowo ananyamula Mphamba, ngodya zake zopindika, n'kumuyang'ana ndi ulemu. “Mwana wanga, tagonja. Mfumu ndi iyi,” anatero. Kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti anandigulira ndani. Yusufu ndiye anayankha, mokondwa, pofuna kundikweza: “Bambo ake, a ku Joni!” Iwo anagwedeza mutu n'kundibwezera khadi langa pamodzi ndi kamtengo. “Bambo ako amadziwa kusankhira mwana wawo,” anatero, n'kusasa ufa pathalauza. Anakwera kanjira kaja ndi Wongani, dzanja lidakali pomwe paja.

Ndinapambana, ndipo palibe anadzalandanso ufumu wa Mphamba mpaka tinakula n'kuleka zamakadi. Wongani analowa m'gulu mwathu, anaphunzira kusenza nkhuni ndi kuba mango, ndipo sanandisungire mangawa, zimene zinkandipsetsanso mtima. Patapita zaka ndinadzamva kuti kunja kuli anthu amene amagula khadi losainidwa ndi ndalama zoti munthu n'kumangira nyumba, ndipo ndinaseka ndekha pokumbukira fungo la palafini. Chigayo chija chinatsekedwa, pamalopo pali timashopu ta mafoni, ndipo ana a ku Chikanda masiku ano osewera amawadziwa mayina ndi mitengo yawo, sangayeze munthu ndi machesi. Zimenezo sizindidandaulitsa kwenikweni. Tinali ndi muyezo wathu, unkagwira ntchito, ndipo unatha pamodzi ndi nthawi yake.

Koma madzulo aja ndinafika kunyumba mfumu ili m'thumba, n'kukapeza amayi akupinda majekete otsala pamkeka. Anafunsa ngati mlendo uja wandilanda ufumu. Ndinati ayi, ndawina. “Nanga ukuliriranji?” anatero. Ndinayamba kuwathandiza kupinda majeketewo, chifukwa yankho lenileni likanawapweteka. Sabata zonse zija ndinkayesa kuti ndikumuchitira nsanje Wongani chifukwa cha kabokosi. Kabokosiko ndinakagonjetsa ndi kamtengo kamodzi. Chimene ndinkachifunadi chinabwera wapansi kuchigayo, chinakhala pafumbi la ufa, chinaluza chikuseka, n'kubwerera kwawo ndi mwana wake. Ndine bambo tsopano, imvi zayamba, koma ndikaona mwamuna akuyenda mumsewu dzanja lili pakhosi pa mwana wake, nsanje ija imandigwirabe pomwe inandigwira tsiku lija.