Tsiku lomwe anadula maluwa anga

Kukoleji ya zaulimi komwe ndinkaphunzira, chaka chachitatu chinali ndi lamulo lake: aliyense apite kwawo, akalime chinthu, akachigulitse kwa munthu weniweni, abwere ndi lipoti. Wopanda kasitomala ankabwereza chaka. Anzanga anasankha tomato ndi kabichi. Ine, ndi kamtima kanga kofuna kuoneka wosiyana, ndinasankha maluwa. Ndinali nditaphunzira kuwalima ndi kuwamanga a paukwati, ndipo kalasi ya bizinesi inali itandidzaza mutu kuti m'tauni ya Zomba muli msika womwe anthu sankauona. Zinali zaka zoyamba za matipate, aliyense ankadzimva kuti angathe kuyambitsa kanthu.

Kwathu ku Domasi dimba ndi la kuchikazi. Bambo, pokhala mkamwini, anangoti, "Kafunse eni ake." Amayi anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anaseka.

"Ndiye ukuti ndizule mpiru ndibzale zokongoletsa? Sukulu imeneyi akukuphunzitsani kudya ndi maso?"

Komabe anandipatsa mizere isanu ya kufupi ndi mtsinje, kwa chilimwe chimodzi chokha. Zikakanika, dimba libwerere kwa mwini wake.

Ndinathirira miyezi itatu ndi kheni yodontha. Anthu odutsa pa njinga ankaima n'kundifunsa ngati ndiwo zimenezi zimafuna nsinjiro. Koma maluwa anatuluka, oyera ataliatali ndi ena achikasu, ndipo mphunzitsi wina wamkazi wa m'tauni anabwera kudzawaona. Ukwati wake unali Loweruka linalake mu Seputembala. Anafuna oyera okhaokha: a m'manja, a kuguwa ndi a patebulo. Ameneyo ndiye anali kasitomala wanga, ndipo ndinalibenso wina.

Lachitatu la sabata ya ukwatiyo, mayi wina wachikulire wa mumpingo mwathu anamwalira. Lachinayi m'mawa ndinakapepesa, kenako ndinathamangira m'tauni kukagula maliboni. Pobwerera masana ndinadzera kudimba. Ndinapeza mitengo yokhayokha, ngati mwadutsa mbuzi. Duwa loyera silinatsale ngakhale limodzi.

Ndinathamangira pasiwa. Kuseri kwa nyumba, amayi a mumpingo anali atakhala pamphasa m'mayunifolomu awo, akumanga nkhata za maliro. Maluwa anga anali mulu pakati pawo. Ndinagwada pafupi ndi amayi anga n'kunong'ona, koma kunong'ona kwa munthu wokwiya kumamveka kutali.

"Amayi, adula ndani maluwa anga?"

Anayankha ndi amayi apampando, omwe ankatsogolera gululo. "Tadula ndife, mwanawe. Pamaliro duwa silipemphedwa. Takutamanda kuti chaka chino mudzi uli ndi maluwa enieni."

Zinali zoona, ndipo ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana. Munthu akamwalira, amayi amayenda m'makomo kuthyola maluwa a m'mipanda, mwini nyumba alipo kapena palibe. Kungoti sindinaganizepo kuti maluwa olembedwa mu pulani ya bizinesi nawonso ndi maluwa.

"Ndinawaona akudula," anatero amayi anga chapansipansi. "Ndikanati chiyani? Kuti gogo apite opanda nkhata chifukwa mwana wanga ali ndi oda?"

Ndinalira. Amayi awiri anandisisita pamsana, akumati mwanayu ankawakonda malemu. Manyazi anandigwira kuposa mkwiyo, chifukwa ndinkalirira chaka changa cha sukulu.

Misozi itachepa, maso anga anagwera pa nkhata imodzi yomwe inali yopendekeka, maluwa akuluakulu onse ali mbali imodzi. Manja anandiyabwa. Ndinaitenga n'kuyamba kuimasula. Palibe anandiletsa, anangondisunthira malo. Pomangapo ndinaona zomwe kukoleji sanatiuze. Ife tinkabaya mapesi m'kasiponji kobiriwira kochokera kunja, komwe mphunzitsi wathu ankakatsekera m'kabati. Amayiwa ankang'amba thunthu la nthochi, n'kubaya maluwa m'zigamba zake zonyowazo, n'kumanga ndi luzi pa nsungwi yopinda. Duwa silinkafota ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Amayi apampando anandifunsa kuti maliboni ndanyamulawo ndi a chiyani. Ndinawauza za ukwati, ndi zoti ndibwereza chaka. Anangoti "Oo," n'kupitiriza kumanga. Ndinaganiza kuti sizinawakhudze.

Lachisanu tinaika maliro. Nkhata zinali zokongola, sindinganame. Mphunzitsi wa ukwati uja sindinamuuze kanthu, ndinalibe poyambira.

Loweruka mbandakucha ndinamva odi panja. Amayi apampando anali pakhomo, kumbuyo kwawo amayi ena atasenza mabeseni. Dzulo lake, pochokera kumanda, anali atagawana njira, ena kulowera ku Naisi, ena ku Malosa, kupempha maluwa m'makomo. Munali ofiira a m'mipanda, a m'mitengo onunkhira aja, ndi ena omwe mayina ake sindinawapeze m'buku lililonse. Mayi wina wachisilamu, wogulitsa nsalu pamsewu, anabwera ndi lichero lodzadza.

"Ife nkhata sitiyika," anatero, "koma ukwati ndi wa tonse."

"A maliro sitipempha," anawonjezera amayi apampando, "koma awa tapempha mpaka milomo kuuma. Tiyeni, dotolo wa maluwa, tiuzeni pomanga."

Tinamanga pakhonde, ine ndikulozera, iwo akuseka kuti ndikulamula ngati kapitawo. Ndinakwera minibasi ndi mabeseni atatu, kondakitala akudandaula njira yonse.

Mkwatibwi anayang'ana maluwawo, nkhope itagwa. "Ndinati oyera," anatero. Ndinamuuza zonse monga zinachitikira, osakometsera. Azakhali ake anayamba kale kulalata kuti ichi ndiye chibwana cha ana a sukulu. Mkwatibwiyo anatola maluwa a m'manjawo, kuwatembenuza, kuwanunkhiza. Nthawi inali itatha, ndipo mwina ndi chimene chinandithandiza. Anangoti, "Basi, kaikeni kuguwa." Madzulo anandisainira pepala la kukoleji, ndipo mnzake wina anandifunsa ngati ndingapezeke mu Disembala.

Mu lipoti munali tsamba la zinthu zomwe zingagwetse bizinesi. Ndinali nditalemba tizilombo, kuuma kwa mtsinje ndi ziweto. Ndinawonjezera maliro. Mphunzitsi wanga anaika chizindikiro chofunsa pambali pake, koma ndinakhoza.

Mvula itatha chaka chotsatira, ndinapita kwa amayi anga mwamantha kukafunsa za dimba. Anatenga khasu, tinatsikira limodzi kumtsinje, ndipo anayeza mizere isanu ija n'kuwonjezera umodzi, wa m'mbali mwa njira.

"Isanuyi gulitsa," anatero. "Uwu ndi wa mudzi. Odzadula asamachite kulowa mkati."

Ndinayamba kubzala wa kunjirawo, ndipo ndinaikamo oyera.