Mpira wa Tukombo ndi Mbali ya Kunyanja

Ntchito yanga yoyamba inandipeza ndili chikhalire pambali pa bwalo la mpira kwathu ku Chintheche, beseni la nthochi lili pamiyendo, mwana wanga Tiwonge ali kumsana. Nthawi imeneyo bambo a Tiwonge anali atapita ku Joni ndipo uthenga sunkabwera. Loweruka lililonse ndinkagulitsa nthochi ndi zitumbuwa kwa oonera mpira. Sindinkapitira mpirawo ayi, koma munthu ukakhala malo amodzi maola awiri, maso amayamba okha kugwira ntchito.

Tsiku lina timu yathu ikusewera ndi alendo, ndinangolankhula ndekha mokweza: "Onani, wa jezi yong'ambikayo akayang'ana pansi, mpira ukupita kwa wamtali uja." Ndipo unapitadi. Ndinanenanso kachiwiri, unapitanso. Bambo amene anaima patsogolo panga anatembenuka. Anali a Mbewe, kochi wa timu yathu, munthu wa ku Dedza amene anabwera kudzagwira ntchito yokama mitengo ya labala ku esiteti.

"Mayi, mwaziona bwanji zimenezo?"

"Ndangoona, ada. Mugula nthochi?"

Anagula phava lonse. Mawa lake titaweruka kutchalitchi anafika kunyumba kudzandipempha kuti ndizikaonera matimu amene tikudzakumana nawo, n'kumabwera kudzawauza mmene amabwerera akafuna kumwetsa chigoli. Masiku ano mkamwini wanga amandionetsa pafoni mpira wa ku Amereka, wa anthu ovala zipewa zolimba uja, akuti kumeneko alipo anthu olembedwa ntchito imeneyi, ali ndi makina ojambulira. Ine ndimangoseka. Makina anga anali maso awiriwa.

Ndisanavomere ndinakafunsa amayi athu a Umanyano, gulu la amayi a mumpingo, ngati si tchimo. Iwo anati bwalo ndi la aliyense, kuyang'ana si kuba, koma wina akandifunsa ndisaname. Ndinavomera. Malipiro anali ochepa, koma sopo ndi ndiwo zinkapezeka, ndipo kwa ine nthawi imeneyo zinali zazikulu ndithu. A komiti ndiwo sanakondwe, makamaka a Chirwa, wapampando. Anati, "Tiyese mwezi umodzi. Koma a Mbewe, anthu akatiseka, akuseka inu."

Masabata oyamba a Mbewe ankandiphunzitsa titaima limodzi pabwalo lathu. Ankati, "aNyamanda, musamathamangitse mpira ndi maso ngati mwana. Mpira ukakhala uku, inu yang'anani uko: ndani wayamba kuthamanga?" Anandiphunzitsa kuona amene amayambitsa zinthu pakati, mwendo umene wakutsogolo amamenyera, amene amaponya mpira ukatuluka, ndiponso mmene amaimira pa kona. Popeza tinali pamodzi, ndinkangoloza ndi chala, uyo, uko, iwo n'kumva. Sitinavutikepo kutchula mbali.

Kenako unafika mpira wa chikho. Maere anatigwetsera timu ya ku Tukombo, anyamata asodzi othamanga ngati alibe mapapo. Mpirawo unali woti udzachitikire kwathu. A Mbewe sakanachoka ku esiteti pakati pa sabata, ndiye ananditumiza ndekha, Lachiwiri ndi Lachinayi, kukaona zokonzekera zawo.

Ine sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, ndipo kulemba kwanga n'kwa pang'onopang'ono. Ndikati ndilembe, mpira wapita kale. Ndiye ndinaganiza njira yanga. Ndinatenga mabokosi atatu a machesi ndi chimanga chodzaza dzanja. Bokosi lina ndinalidetsa ndi khala, lina ndinalimanga ulusi, lachitatu ndinalisiya choncho. Mpira ukadutsa mbali ya kunyanja, njere imodzi m'bokosi lakhala. Ukadutsa kumtunda, m'bokosi laulusi. Ukadutsa pakati, m'lachitatu. Ife a m'mbali mwa nyanja ndi mmene timalozera chilichonse. Ukafunsa pamene pali mpeni, akuuza kuti uli kunyanja kwa mtondo. Kumanja ndi kumanzere timakumbukira pakudya basi.

Ndinakwera matola mpaka ku Tukombo, ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi beseni langa. Theka la bwalo asodzi anali atayanikapo makoka, choncho anyamatawo ankasewerera golo imodzi yokha, ya kummwera, yoyang'ana njira ya ku Dwangwa. Masiku onse awiri zinali choncho. Palibe amene anandifunsa kanthu, kupatula goloboyi wawo amene anadandaula kuti zitumbuwa zanga n'zazing'ono.

Pobwerera, bokosi lakhala silinkatsekeka. Laulusi munali njere zowerengeka. Ndinaonanso china: womenya kona akakweza manja onse awiri, mpira sunkapita m'mwamba kugolo ayi, ankaukwawitsa pansi kwa mnyamata wamfupi amene ankabwera chothamanga kuchokera kumbuyo.

Lachisanu a Mbewe anajambula bwalo lathu pansi ndi kamtengo, nyanja uku, mapiri uku. Ndinakhuthula mabokosi. Iwo anayang'ana mulu wa chimanga nati, "Basi, msewu wawo ndi wa kunyanja." Anaika Manase, wotchinga kumbuyo wathu wamphamvu, mbali ya kunyanja, n'kumuwonjezera mnzake womuthandiza. Kumtunda anasiyako Wongani, amene anali atangochira bondo, poti kumeneko sikudzabwera ntchito yambiri.

Loweruka anthu anadzaza mpaka m'mitengo. Ndinapemphera m'mawa, ndinavala chitenje changa chabwino, nthochi sindinatenge. A ku Tukombo anasankha kuyamba akuloza golo ya kumpoto. Wenzulo italira, mpira woyamba unadutsa kumtunda. Ndinati n'zongochitika. Wachiwiri kumtunda. Wachitatu, mnyamata wawo anamudutsa Wongani ngati akudutsa chitsa, chigoli. Pasanapite nthawi, njira yomweyo, chigoli chachiwiri. Manase anali chiimire kunyanja, manja m'chiuno, alibe woti amutchinge. A Mbewe anakuwa mpaka mawu kusasa kuti Manase ndi Wongani asinthane mbali, ndipo magoli analeka, koma anthu anali atayamba kale kumutukwana Wongani, ena n'kumaloza ine.

Ndinkayang'ana mnyamata wothamangayo: ndi yemweyo ndinamuona ku Tukombo, kuthamanga kwake komweko, mwendo womwewo. Nanga wapezeka bwanji kumtunda? Tiwonge anayamba kulira, ndinaimirira kuti ndimugwedeze, ndipo potembenuka nyanja imene inali kudzanja langa ili inapezeka kudzanja linalo. Ndinaima chilili. Mayo ine! Mnyamatayo sanasinthe mbali. Amathamanga kumanzere kwa timu yake masiku onse. Ku Tukombo ankaloza kummwera, ndiye kumanzere kwake kunali nyanja. Lero akuloza kumpoto, kumanzere kwake ndi mapiri.

Pa nthawi yopumulira osewera anakhala pansi pa mthunzi, a komiti atawazungulira. A Chirwa anali pakati.

"Ndinanena ine! Timu yonse kuyendera mabokosi a machesi! Mawa mudzatibweretsera wogulitsa usipa akhale goloboyi."

Anthu anaseka. A Mbewe anandiona ndikuyandikira, ndipo pofuna kunditchinjiriza anati, "Mayiwa sanalakwe. A ku Tukombo anawazindikira, anawaonetsa zabodza dala. Anyamata, zonse za dzulo zija iwalani, ndi za kona zomwe."

Inu, khomo linali litatseguka loti ndituluke bwinobwino. Ndikanangokhala chete, wolakwa akanakhala wa ku Tukombo, ine n'kungokhala mayi wopusitsidwa. Ndikalankhula, ndiye kuti ndavomera pamaso pa a Chirwa kuti magoli awiriwo ndi anga, ndipo ntchito yathera pomwepo. Ndinayang'ana Wongani atabisa nkhope m'jezi. Ndinati mumtima, Ambuye, ndigwireni pakamwa pasanjenjemere.

"Ada, sanandipusitse. Ndalakwitsa ndine."

Ndinalowa pakati pawo mwana ali kumsana, ndinatambasula dzanja lamanzere n'kuyang'ana kummwera. "Ku Tukombo amasewera akuyang'ana uku. Dzanja ili laloza kuti?"

"Kunyanja," anatero Manase.

Ndinatembenuka, dzanja lili chitambasulire. "Nanga pano?"

Manase anagwira pakamwa. A Mbewe anavula kapu n'kudzimenya nayo pabondo.

"Ndiye zimene ndinaona n'zoona," ndinatero. "Chigawo chikubwerachi aloza kummwera ngati kwawo, adutsa kunyanja. Ndipo za kona musaiwale. Akakweza manja awiri, thamangirani wamfupi."

A Chirwa anati, "Mukumverabe?" A Mbewe anangouza Manase kuti, "Wamva. Wamfupiyo ndi wako."

Chigawo chachiwiri mipira yonse inadutsa kunyanja, ndipo inakapeza anthu akuidikira. Kenako a ku Tukombo anapeza kona. Womenyayo anakweza manja onse awiri. Ine ndinatseka maso, ndiye zimene zinachitika ndinachita kuuzidwa: Manase anatuluka womenya konayo asanamenye n'komwe, anafika pa mpira wamfupi uja asanafike, anaumenyera kutsogolo, anyamata athu awiri n'kutsala ndi goloboyi yekha. Ndinatsegula maso titamwetsa chigoli, anthu atalowa kale m'bwalo, amayi akulira nthungululu. Tinalimbana mpaka kumapeto koma chachiwiri chinakana. Tinatuluka m'chikho, ziwiri kwa chimodzi.

Lolemba komiti inakumana pakhonde la sitolo ya a Chirwa. Ndinapita nditakonzeka kutsanzika. A Chirwa anati mwezi woyesa watha ndipo zotsatira aliyense waziona. A Mbewe anaimirira.

"Bwalo ndinajambula ndine. Sindinafunse kuti anyamatawo amaloza golo iti. Ine ndi kochi, funso limenelo linali langa. Ndipo ndinawapatsa mayiwa pobisala, iwo anakana. Mukawachotsa, mupezenso kochi wina."

A Chirwa anasisita chibwano. Pomaliza anati, "Atsale. Koma machesiwo ndisawaonenso." Ndinagwada n'kuthokoza kuti yewu, ada. Mabokosi sindinawataye ayi, ndinangowasintha mayina: kumanja kwa wosewera, kumanzere kwa wosewera, pakati. Ndipo ndikafika pabwalo lililonse, ndisanakhale pansi ndinkayamba ndaima kumbuyo kwa goloboyi wawo, n'kuyang'ana kumene iye akuyang'ana.

Ndinagwira ntchitoyo zaka zinayi. Ndinafika ku Kande, ku Mpamba, ngakhale ku Limphasa kumene bwalo limakhala matope mpunga ukamabzalidwa. Kenako anthu anayamba kundidziwa, ndipo ndikangotsika matola ana ankakuwa kuti maso a Chintheche afika. Ankandipatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kumaseka kuti, "Onani bwino, ama, mukanene zoona." Anali masiku okoma. A Mbewe anabwerera kwawo ku Dedza atapuma ntchito, ndipo tinamva mochedwa kuti anatisiya. Wongani pano ndi mkulu wa mpingo, ndipo tikakumana amandigwira dzanja nthawi yaitali. Ndimathokoza Mulungu pondidyetsa ine ndi mwana wanga kudzera m'chinthu chimene sindinachiganizirepo.

Chimene ndinatengapo n'chakuti munthu ukhoza kuona zoona ndi maso ako, n'kukanena zoona zokhazokha, koma n'kuvulaza nazo anzako chifukwa sunanene pamene unaima. Lero ndine mmodzi wa amayi oyanjanitsa anthu mumpingo mwathu. Mayi akabwera akupuma mwamphamvu kuti, "Ndamuona ndi maso angawa," sindimutsutsa. Ndimamuyalira mphasa, ndimamupatsa madzi, kenako ndimamufunsa kuti, "Chabwino, mwamuona. Inuyo munaima pati, ndipo iye amayang'ana kuti?"