Mmene Achemwali Anatsalira

Achemwali anga anali ndi mutu wakuthwa moti ngakhale aphunzitsi ankawaopa. Sindikukokomeza. Pa sukulu yathu ya kumapiri, kufupi ndi Midzemba, samu ya Sitandade 8 ikawavuta aphunzitsi pabolodi ankayamba akhosomola, kenako n'kunena kuti, "Tione ngati alipo amene akutsatira," choko n'kupatsira achemwali.

Masiku amenewo aphunzitsi otumizidwa kwathu sankakhalitsa. Akalawa matope a msewu wathu dzinja limodzi, ankapempha kusamutsidwa. Kalasi yathu ya Sitandade 2 itatsala yopanda mwini, ahedi anati mtsikanayu za m'kalasi mwake anazimaliza kale, apite akagwirizire ana. Kugwirizirako kunatha chaka. Ine ndinali m'kalasi momwemo, pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinkayenda chotukumuka chifukwa "amadamu" ndinkagona nawo mphasa imodzi.

Kenako kunafika uthenga wochokera ku boma, ku Mwanza. Kutali kuchigawo chapakati kunali sukulu yatsopano ya ana anzeru okhaokha, aphunzitsi ake azungu, ndipo sukulu yathu inauzidwa kutumiza mwana mmodzi kuti akayesedwe. Mudzi wonse unkadziwa kuti mmodziyo ndi ndani. Achemwali anabwereka nsapato kwa azakhali, n'kumaziyeserera kuseri kwa nkhokwe chifukwa zinkawathina.

Loweruka lake ahedi anabwera okha kwathu. Abambo, amene sanapondeko m'kalasi moyo wawo wonse, anawapatsa mpando, iwo n'kukhala pansi.

"Bambo, mwana wanuyu ndi mzati wa sukulu yathu," anatero ahedi. "Akachoka, tianati titsala ndi ndani? Komanso kumeneko n'kwa Chingerezi chokhachokha, kudya kwake kwa mafoloko, eti. Mwana wa adokotala ndiye sakavutika. Uyu tidzamuona chaka chamawa."

Adokotalawo anali a pachipatala chathu chaching'ono, ochokera ku Blantyre. Mwana wawo sanali woipa, ndipo samu zake ankamuthandiza ndi achemwali omwewo. Chaka chamawa chimene ankanenacho aliyense ankadziwa kuti kulibe, poti zaka za achemwali zikanakhala zitapitirira.

Koma abambo m'mawu onsewo anangotolamo amodzi, akuti mzati. Nkhope yawo inawala. Munthu wamkulu chotere kubwera mpaka pakhomo pawo kudzayamikira mwana wawo, chinali chinthu choti sichinawachitikirepo. Mpaka lero ndikakumbukira chimwemwe chawo chija mtima umandiwawa, ndipo ndimasowa womukwiyira. Ahedi ankadziwa chimene ankachita. Abambo sankadziwa.

Lolemba mmamawa mwana wa adokotala anakwera lole yotsikira ku Zalewa. Tinaimva ikulira pachitunda. Abambo anagwira nkhuku yathu yaikazi, yoikira, n'kuimanga miyendo ndi luzi.

"Iwe, tenga ukapereke kwa ahedi," anauza achemwali. "Ukagwade bwinobwino, ukanene kuti abambo athokoza potilemekeza."

Amayi analowa m'nyumba. Achemwali anaikumbatira nkhukuyo, ine ndikutsatira pambuyo, ndipo njira yonse sanatembenuke. Titafika anagwada pakhonde la ahedi, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Abambo akuti athokoza," anatero.

Ahedi anaiyeza nkhukuyo kulemera m'manja, n'kuwauza kuti afulumire, ana akuwadikira.