Malo a Kukhoma

Tsiku limenelo tinalipo ine, mayi a kunyumba kwanga, mlamu wanga wa ku Mkanda amene amadziwa kokwerera minibasi m'tauni, msilikali wa ndende wamtali wosweka dzino, mkaidi wina wonenepa amene anaima chotsamira waya, ndi mwana wanga wachisamba, mwini nkhaniyi. Ena onse anali khamu chabe.

Mwanayo anamugwira ndi matumba awiri a feteleza panjinga, m'njira yachidule yolowera ku Zambia. Matumbawo sanali ake, anangomulemba ganyu. Apolisi anati fetelezayo ndi wakuba, ndipo anamutumiza kundende ya ku tauni kukadikira mlandu. Pamene tinkakamuona n'kuti atatha miyezi inayi, kukhoti asanapondeko.

Ine ndine munthu wa mawu. Kwathu ku Kapondo maliro akagwa wolengeza ndine, ndipo chimkuzamawu sindichifuna. Sukulu ndinalekera panjira, koma wailesi ndimamva. Zaka zimenezo matipate anali atalowa, wailesi ikungoti ufulu, ufulu, ngakhale wam'ndende ali nawo ufulu wake. Ndinanyamuka nawo mawu amenewo m'chifuwa.

Choyamba kutilandira linali fungo. Thukuta, mkodzo, ndi kafungo kena kamene ine ndimakadziwira pamaliro ochedwa kuika. Mlamu anatseka mphuno ndi chipewa. Kuseri kwa waya anthu anali atathithikana ngati fodya m'belo, ambiri akukanda mphere, chifuwa chikuyankhana uku ndi uku.

Mwana anabwera. Anali ataonda, koma akuyenda bwinobwino. Mayi ake anamufunsa za kagonedwe.

"Panopa bola, amayi," anatero. "Ndinapeza malo kukhoma, pansi pa kawindo."

Anatifotokozera kuti m'chipinda mwawo mulibe wogona chotambalala. A kukhoma amagona chammbali, kamphepo kakuwapeza pang'ono. A pakati, pamene amati pashamba, amachezera chokhala, wina pakati pa miyendo ya mnzake, mutu pamsana pa wakutsogolo, mpaka kuche. Chidebe chodzithandiziramo chili komweko, ndipo odwala chifuwa ambiri ali komweko. Iye pashambapo anakhalapo miyezi itatu.

Lamulo la kundendeko ndi lakuti wobweretsa chakudya alawe kaye pamaso pa msilikali. Ndinalawa mbatata, ndinalawa mtedza, ndinalawanso nkhuku. Nkhukuyo inali tambala wathu womaliza. Msilikali anadutsitsa poto. Mwana asanaigwire n'komwe bwino, wonenepa uja anatambasula dzanja, navundukula, natola ntchafu zonse ziwiri. Anabwerezanso, natola nthutumba. Nthutumba! Mwana wanga anangowerama, nati, "Tengani, akuluakulu."

Ine kupsa mtima.

"Iwe! Bweza nyamayo! Mbava iwe, ukuba ndi m'ndende momwe?"

Mayi anandikoka jekete. "Abambo, chonde." Ndinawasasa dzanja, ndinatembenukira kwa msilikali.

"Bwana, mukuona kapena simukuona? Ana a anthu mwawapanikiza ngati nkhumba za pa lole, mlandu osaweruza, ndiye ndi chakudya chomwe azilandidwa inu muli chiimire? Ino si nthawi ija. Ano ndi matipate! Wam'ndende naye ndi munthu!"

Msilikali anandiyang'ana nthawi yaitali. "Madala, mwamaliza?" Kenako anaona kuti alendo ena onse maso ali pa iye. Anati, "Nyapala, bweza nyama ya eni."

Wonenepayo anabweza. Ntchafu, ntchafu ina, nthutumba, chimodzichimodzi, mosafulumira. Ananyambita zala. Ine sanandiyang'ane n'komwe, anayang'ana mwana wanga, akumwetulira.

"Bambo akowa ali ndi mawu abwino," anatero. "Azikaimba kwaya."

Akaidi awiri atatu anaseka, ena onse anayang'ana pansi. Mwana ananyamula poto ndi manja awiri, sanatsanzike.

Ndinatuluka pachipata chifuwa chili patsogolo. M'minibasi ndinafotokozera aliyense wofuna kumva, ndi wosafuna yemwe. Titatsika pa boma, mlamu anatembenukira kwa ine.

"Alamu," anatero, "kodi nyapala mukumudziwa kuti ndi ndani?"

"Mbava."

"Ndi mkaidi woyang'anira anzake. Zitseko zikatsekedwa dzuwa likadalipo, msilikali wanu uja amatsala kunja. M'katimo wogawa malo ogona ndi ameneyo. Ntchafu zija n'zimene zimamusunga mwana kukhoma."

Ndinati zabodza, boma silingalole zimenezo. Ndinanena mokweza, anthu a pa depoti anacheuka. Koma njira yonse ya ku Kapondo njinga yanga, imene ndinali nditaisiya pa boma, inandilemera ngati ndanyamula munthu.

Panapita masabata atatu tisanapeze mpata wobwererako. Ulendo uno tinali awiri, ine ndi mayi. Tinatchula dzina pawaya, tinadikira. Anzathu obwera pambuyo pathu anaonana ndi abale awo mpaka kutsanzikana, ife tili chiimire.

Mwana atatulukira, mayi ake anagwira pakamwa. Mapazi anali atatupa, akuwakoka. Khosi linali lopindika ngati la munthu amene wasenza katundu tsiku lonse. Asanatipatse moni anatsokomola, chifuwa chouma chochokera pansi, natembenukira kumbali, nalavulira m'kansanza, nakabisa msanga m'thumba. Ine ndinaona mtundu wake wa malovuwo. Mayi ake sindikudziwa ngati anaona.

Chapatali, pamthunzi, wonenepa uja anakweza dzanja. "Madala a kwaya! Mwatiyendera?"

Ndinakoka mpweya, pakamwa ndinatsegula. Mwana analowetsa zala ziwiri pawaya, nagwira malaya anga. Zalazo zinali zotentha.

"Bambo," anatero motsitsa, "ulendo winawo mudzatumize amayi okha. Inu mukalankhula mumakwera minibasi n'kupita kwanu. Ine ndimatsala muno."