Nyimbo Yopanda Wovomera

Madamu amene ndinkawagwirira ntchito ku Table View, kuno kudziko la eni, anali mayi wachikulire wojambula mafilimu. Makolo awo anachokera ku Italy, ndiye chaka china madamuwo anapita kumeneko kukajambula nyimbo za m'midzi: abusa a nkhosa oimbira kukhosi, asodzi, nkhalamba zolira maliro. Atabwerako ankakhala patebulo tsiku lonse akudula ndi kulumikiza zithunzizo, ine ndikusita pambali.

Tsiku lina ndinamva ting'oma tam'manja tikulira mothamanga. Kucheuka, ndikuona pakompyuta ya madamu mzimayi wovala zoyera akugubuduzika pansi, kenaka n'kudzuka, mapazi akupondaponda, anthu atamuzungulira. Madamu anati kumeneko kale munthu akalumidwa ndi kangaude ankamuimbira ng'oma, iye n'kuvina mpaka matenda atuluke.

"Kangaude wa chiyani! Izi ndi vimbuza izi," ndinatero ine.

Pakamwa pangapa padzandiphetsa. Ndinaulula zonse: kuti kwathu ku Rumphi amayi anga ankadwala vimbuza, kuti mankhwala ake anali ng'oma, kuti ndinakula ndikuwaombera m'manja. Posakhalitsa kamera inali m'manja mwa madamu. Ndinavundikira chidebe chokolopera, n'kuyamba kuchiimba, nyimbo ya amayi ili pakamwa. Ndisaname, mapewa nawo anatsatira. Atandipempha kuti aiike mufilimu, ndinavomera. Ndinkati mafilimu oterewa amaonera ndani? Azungu anzawo angapo ndi agalu awo basi.

Filimu inaonetsedwa m'tauni, ndipo olemba nyuzi anaigwera. Madamu ankandiwerengera kukhitchini. Wina anati ndi yaitali, abusa a nkhosa aja anamugonetsa tulo. Wina anafunsa kuti wantchito wa ku Malawi akufunanji m'nkhani ya ku Italy, ati madamu anangondidyera masuku pamutu. Wachitatu anati mtima wa filimu yonse ndi mayi wa chidebe uja, n'kuikapo chithunzi changa, kukamwa yasa, duku litapendama. Madamu anandikumbatira.

Wondiyamikirayo ndiye anandipachika. Bambo wina wakwathu wosamalira maluwa ku Noordhoek anaiona nyuziyo kwa abwana ake, ndipo sabata isanathe kachidutswa kanga ka mufilimu muja kanali m'mafoni a mpingo wonse. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Kumpingo kwathu wovina vimbuza amadulidwa. Kumudzi ukadulidwa umakhalabe ndi abale, koma kuno abale ndi mpingo womwewo. Amayi anzanga a yunifomu yoyera ndiwo anandipezera ntchito, ndiwo anandibisa nthawi ija tinkathamangitsidwa alendo, ndiwonso adzatumize mtembo wanga kumudzi. Kundivula yunifomu kunali kundisiya pamtetete, ndipo ndinachita mantha zenizeni.

Loweruka masana anagogoda pakachipinda kanga ka malata ku Dunoon amayi apampando, mtsogoleri wa gulu lathu la amayi. Ndi mayi wa ku Mzimba wosaseka wamba, amene anabwezapo mkwatibwi pakhomo la tchalitchi chifukwa cha diresi lalifupi. Tiyi anakana.

"Tseka chitseko."

Anatulutsa foni, n'kuonera kachidutswa kaja mpaka kumapeto, n'kubwerezanso. Ine mtima wina unkati gwada upepese. Wina unkati uwafunse kuti bwanji azungu akavina zawo amati chikhalidwe, ife tikavina akuti ziwanda? Amayi anga ndiwo chiwanda?

"Zoipa," anatero amayi apampando.

"Amayi, ine pepani, ndi—"

"Ndati zoipa. Chidebe chikuthamanga ngati wakuba. Ndipo anakuuza ndani kuti nyimbo iyi amaimba munthu mmodzi? Pamene ukupumira apa, akukuvomera ndani? Firiji?"

Anaika foni yawo pambali n'kupitiriza.

"Yambanso. Pang'onopang'ono, makoma awa ndi malata."

Ndinayamba. Nditafika popumira paja, pamene mufilimu pamangomveka zii, amayi apampando anaomba m'manja n'kuvomera. Abale inu! Liwu lililonse m'malo mwake, ndendende mmene ankavomerera azakhali anga. Chichokereni kwathu panalibe amene anandivomerapo nyimbo imeneyo. Ndinalira ngati mwana, iwo osasiya kuomba, mpaka tinaifikitsa kumapeto. Sindinawafunse kumene anaiphunzira, nawonso sananene.

Anakonza duku lawo, nkhope n'kubwerera mwakale.

"Olongolola ndithana nawo ine. Iwe yunifomu uisite bwino, mawa ndiwe woyambitsa nyimbo. Ndipo ukawauze madamu akowo kuti ulendo wina asamajambule mwana wa eni ali yekhayekha ngati wamasiye."

Atatuluka ndinakhala pabedi, ndikuseka ndekha. Mtima unakhala pansi, njala imene inandithawa sabata yonse n'kubwerera nthawi yomweyo. Ndinamwa tiyi wawo uja ndi wanga yemwe.

Lolemba madamu anandifunsa mwamantha ngati anthu akwathu aikonda filimu. Ndinawauza kuti mmodzi waipeza zolakwa ziwiri, ndipo zonse n'zoona. Anagwira pamtima, n'kufunsa ngati munthuyo amalemba m'nyuzi. Ndinati ayi, koma dzulo kutchalitchi nditayambitsa nyimbo, ndiye anali woyamba kuvomera.