Matambula Awiri a Mayi Anga

Mayi anga adagwira ntchito zaka makumi awiri pamalo ochapira masuti, kumene zovala amachapa m'makina ndi mankhwala onunkha ngati parafini, osati ndi madzi. Koma pansi pa tebulo lawo sipankasowa kabeseni ka madzi ndi kansalu koyera. Jekete ikabwera ndi mizere yoyera ya thukuta m'khwapa, ankayamba aipukuta ndi kansaluko, kenako n'kuiponya m'makina.

Mwini malowo atamwalira, adalowa mwana wake, munthu wa tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Tsiku loyamba lomwelo adakataya kabeseni kaja.

"Muno madzi ayi! Simuwerenga malangizo ochapira olembedwa pakolala?"

"Bwana, choyeracho ndi mchere wa thukuta," adatero mayi. "Mankhwala anuwa amachotsa mafuta, koma mchere sausungunula."

"Sukulu yake iti imeneyo, amayi?"

Iii, mpaka lero zimandiwawa. Mwana woti mayi ankamupukuta mamina!

Mwezi usanathe, jekete ya woimba wina idabwezedwa katatu, mizere ikadali mbee. Bwana adawakalipira mayi pamaso pa makasitomala. Akuti maso akalamba, asaine kalata yovomera kulakwa, apo ayi aone msana wa njira. Mayi adatenga matambula awiri, lina la madzi, lina la mankhwala a m'makina, n'kuthira supuni ya mchere monsemo. Adatakasa anthu akuona. M'madzi mchere udasowa. M'mankhwala udangokhala pansi phee, ngati mchenga.

"Kalatayo sainani ndinu," adatero, n'kuvula epuloni.

Kunyumba tidaona zakuda, ndisaname. Achimwene adawachonderera kuti akapepese basi, ntchito n'njosowa. Mayi adati munthu sapepesa chifukwa choti mchere ndi mchere. Adayamba kuchapa zovala za anthu pakhonde, manja mpaka kusupuka ndi sopo.

Patatha miyezi iwiri, galimoto idaima pakhomo. Bwana uja, tayi palibe, majekete asanu ndi awiri ali pamkono, onse oyera m'khwapa.

"Amayi, zakale zidapita. Mawa mubwere kuntchito."

Ine ndidayang'ana mayi, poti ntchitoyo tinkaifuna. Mayi sadadzuke n'komwe pabeseni.

"Mankhwala aja mukadali nawo?"

"Alipo."

"Kathirenimo mchere, mwanangu, mutakase bwinobwino. Tsiku limene udzasungunuke mudzandiitane."

Adawerama n'kupitiriza kufinya malaya a eni ake.